Za Kusala Cakudya Modumphitsa Tsiku, ndi Kumene Kudacokera

Masiku ano kwamveka mau m'matauni, ndipo afika ngakhale kuno ku mapiri a Dedza, akuti munthu wonenepa akafuna kupungula thupi lace, adye tsiku limodzi nasale linzace, nacite comweco miyezi yambiri. Ena acilandira ciphunzitso cimeneci monga mankhwala atsopano ocokera kutsidya kwa nyanja. Koma ife, titalondola mbiri yace, tapeza kuti ndi nkhani yakale ndithu, ndi kuti inalowa m'dziko lino asing'anga asanayambe kuichula.

Tiyambe ndi anansi athu Asilamu, monga a kwa Tambala. Onse adziwa kuti iwo asala mwezi wa Ramadan, kuyambira mbandakuca kufikira kulowa kwa dzuwa. Koma si ambiri adziwa kuti m'mabuku ao mulinso kusala kwina kosakakamiza, kumene akucha kusala kwa Davide, ndiko kusala tsiku limodzi ndi kudya linzace. Aphunzitsi ao akuyamikira kwambiri, nanenanso kuti munthu asapitirire pamenepo. Taonani, muyeso womwewo umene anthu auyesa watsopano unali wolembedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Akristu oyamba nao anali kusala Lacitatu ndi Lacisanu. Pamene ansembe a White Fathers anamanga ku Mua, kunsi kwa mapiri, m'caka ca 1902, ndi pambuyo pace ku Bembeke kumtunda kozizira, anadza nao malamulo a Eklesia a masiku ajawo: m'nyengo ya Lenti wamkuru adye mokhuta kamodzi kokha pa tsiku, ngakhale odwala ndi ogwira nchito yolemetsa anali kumasulidwa. Wofuna kulandira Ukaristia sanali kulawa kanthu, angakhale madzi, kuyambira pakati pa usiku. Tsono talingalirani munthu wocokera ku mudzi wakutali, woyenda m'cisanu ca Juni mimba iri pululu! Papa Pius XII anafewetsa lamulo limeneli m'caka ca 1953, ndipo m'caka ca 1966 Papa Paul VI anasiya masiku awiri okha a kusala kolamulidwa, Lacitatu la Phulusa ndi Lacisanu Loyera. Mwa onsewa, Msilamu kapena Mkristu, panalibe mmodzi yense wosala kuti aonde. Anali kufuna Mulungu, osati sikelo ai.

Koma kulinso kusala kwacitatu, kumene makolo athu sanakuphunzire kwa mwalimu kapena kwa wansembe. Nkhokwe ikayamba kuonetsa pansi m'Januwale ndi m'Febuluwale, cimanga ca m'munda cisanakhwime, mai wa nyumba ndiye anali woyamba kuwerenga masiku. Nsima ya masana inali kuleka. Madeya amene dzana anali a nkhuku anali kubwerera m'mphika. Ana adye, akuru anyambite mthiko. Ndipo nthawi yomweyo ndiyo ya kupalira ndi kubandira, pamene thupi lifuna cakudya koposa. M'zaka za 1938 ndi 1939 sing'anga B. S. Platt ndi anzace anakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, kumapiri ndi kunyanja komwe, nayesa zakudya za anthu pa sikelo; ndipo anaona comwe agogo athu akadawauza kwaulere, kuti cakudya ca mlimi cikwera ndi kutsika monga mwa nyengo. Pa njala ya 1949, imene inasautsa makamaka cigawo ca kumwera, ndi pa njala ya 2002, imene inakantha kwambiri cigawo cino ca pakati mpaka boma linalengeza tsoka m'mwezi wa Febuluwale, kugona ndi njala tsiku lathunthu sikunali cinthu cacilendo, ndipo ena anadya mizu ya nthoci. Cifukwa cace sitizizwa kuti pakati pathu kunenepa kwakhala ulemu, ndi kuti mkazi akauzidwa kuti wanenepa athokoza. M'zaka zimene Edzi inali kupulula anthu, kuonda kunasanduka cinthu conong'onezana pa citsime. Nkhalamba ya ku Linthipe ikamva kuti alipo anthu ogula mabuku kuti aphunzire kugona ndi njala, idzagwira pakamwa.

Nanga asing'anga anailowa bwanji nkhaniyi? Poyamba anailowa moipa. Ku America kunali mkazi dzina lace Linda Hazzard, wonena kuti kusala kuciritsa nthenda zonse; odwala ena anafera m'manja mwace, ndipo m'caka ca 1912 bwalo la milandu linamtsutsa pa imfa ya mmodzi wa iwo. Nchito yoona inayambira pa makoswe. M'caka ca 1935 Clive McCay wa ku Cornell anaonetsa kuti makoswe opatsidwa cakudya cocepa akhala ndi moyo nthawi yaitali koposa anzao odya momwe afunira. M'caka ca 1946 Anton Carlson ndi Frederick Hoelzel a ku Chicago anayesa njira yodumphitsa: makoswe ena anawamana cakudya tsiku limodzi mwa masiku 2, ena mwa 3, ena mwa 4, ndipo omanidwa tsiku limodzi mwa 3 ndiwo anapindula bwino pa kutalika kwa moyo. Koma khoswe sali munthu, ndipo sagwira khasu.

Pa anthu, mayeso osamalika anacedwa kufika. M'caka ca 2005 kunalembedwa za anthu 16 osanenepa amene anasala modumphitsa masiku 22. Matupi ao anapunguka pang'ono, koma njala ya tsiku losala siinazolowereke konse; inali kuwawa pa mapeto monga pa ciyambi. Mayeso amene ife tiwayesa olemera koposa ndiwo a Krista Varady ndi anzace, ku Chicago komweko, olembedwa m'caka ca 2017. Anatenga anthu onenepa 100 nawagawa magulu atatu. Gulu loyamba linadya gawo limodzi la magawo 4 a cakudya cao pa tsiku losala, ndi kuonjezerapo pang'ono pa tsiku lakudya. Laciwiri linacepetsa cakudya pang'ono masiku onse. Lacitatu linangodya monga kale. Citatha caka, a gulu loyamba anapunguka ngati magawo 6 mwa 100 a kulemera kwao, ndi a gulu laciwiri ngati magawo 5. Ndiko kunena kuti munthu wa makilogalamu 90 anataya ngati makilogalamu 5, njira iyi kapena inzace. Kuthamanga kwa mwazi ndi shuga wa m'mwazi sizinasiyane kweni-kweni pakati pao. Cimene cinasiyana ndi ici: mwa osala modumphitsa, 38 mwa 100 analeka panjira, pamene mwa ocepetsa masiku onse analeka 29. Ndiponso mafuta ena a m'mwazi, amene asing'anga awaopa cifukwa ca mtima, anakwera mwa osalawo pa mapeto a caka.

Potero tiona kuti njirayi ipunguladi thupi, koma mwa iyo mulibe matsenga. Ipungula cifukwa cakudya conse ca pa mulungu cacepa, ndipo ndi yobvuta kuisunga. Tisaiwalenso kuti anthu a ku Chicago aja anali kupatsidwa cakudya coyesedwa miyezi 3 yoyamba, nalangizidwa ndi odziwa za zakudya. Mphunzitsi kapena kalaliki wa pa boma la Dedza woiyesa yekha alibe womyesera mbale.

Sitinena kuti kunenepa sikunafike kwathu. Kuwerenga kwa boma kwa 2015 ndi 2016 kunapeza kuti akazi 21 mwa 100 a zaka 15 kufikira 49 anali olemera kopitirira muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbira. Zonse ziwiri zikhoza kupezeka pa khomo limodzi. Kwa wokhala pa mpando tsiku lonse, wokonda cipisi ca mbatata ya kuno, tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa za m'botolo, kusala kotere kungathandize ngati akukhoza. Koma mkazi wapakati ndi woyamwitsa, mwana wosakhwima, nkhalamba yofoka, wodwala cifuwa cacikuru, ndi yense womwa mankhwala ofuna cakudya m'mimba, asakuyese. Makamaka wodwala nthenda ya shuga wobaya insulin kapena womwa mapiritsi otsitsa shuga: akasala osasintha muyeso wa mankhwalawo, shuga akhoza kutsika kufikira munthu akomoka, ndipo muyesowo ausintha ndi sing'anga wa ku cipatala yekha.