Mbiri ya M'bandakucha wa pa Khola

Miyezi ya Juni ndi Julayi, ku Dedza, ku Lizulu ndi ku Tsangano kumazizira kotero kuti udzu wa m'madambo nthawi zina umacha utayera mbee ndi chisanu. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, yokwera kuposa matawuni ena onse a m'Malawi. Ambiri a ife amene tinakulira kumeneko, ngakhale lero tikudzukira ntchito mumdima wa Disembala ku Leeds kapena m'mphepo ya Julayi ku Johannesburg, timakumbukirabe nthunzi yotuluka m'mphuno za ng'ombe dzuwa lisanatuluke, ndi kulira kwa matole ofuna amayi awo. Timaukamba m'mawa umenewo ngati kuti unali wotero chikhalire. Koma abale ndi alongo, m'mawa wa pa khola uli ndi mbiri yake, ndipo m'zaka zosakwana 200 wasintha kangapo.

Achewa ankaweta mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe zowerengeka, koma amene anaika ng'ombe pakati pa moyo wa mudzi ndi Angoni. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Angoni a Maseko anadzera njira yawoyawo, nakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kenaka nabwerera kudzakhazikika ku Domwe, kumene lero ndi ku Angónia ku Mozambique, cha m'ma 1870. Kuchokera kumeneko ulamuliro wawo unafalikira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mudzi wawo unkamangidwa mozungulira khola, limene iwo ankalitcha chibaya. Pachipata cha khola ndi pamene akuluakulu ankakhala m'mawa kuothera dzuwa ndi kuweruza milandu, ndipo m'kholamo ndi mmene ankapembedzera mizimu ya makolo.

Zambiri za ana a m'midzi imeneyi zinalembedwa ndi Margaret Read, mayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Angoni a kwa Gomani ndi a kwa M'mbelwa m'zaka za m'ma 1930, nadzatulutsa buku lotchedwa Children of Their Fathers mu 1959. Mnyamata akagulula mano a ubwana ankachoka m'nyumba ya azimayi kukagona ku laweni, mphala ya anyamata. Kumeneko analibe womudzutsa mwachifundo. Ankayamba ndi kuweta mbuzi ndi matole, ndipo akakula ndi pamene ankapatsidwa ng'ombe zazikulu.

Ntchito ya m'mawa inkatsata chikhalidwe cha ng'ombe yathu ya linunda, imene akatswiri amaitcha Malawi Zebu. Ng'ombe imeneyi situlutsa mkaka ngati thole lake palibe. Tsono matole ankagona paokha usiku, kuti m'bandakucha mabere akhale odzaza. Kukacha ankatsekulira thole limodzi, liyamwe pang'ono mpaka mkaka utsike, kenaka wamng'ono ankaligwira pambali pamene wamkulu akukama. Mkaka wake unali wochepa, lita imodzi kapena awiri pa tsiku, ndipo wokama wanzeru ankasiyirako thole, podziwa kuti kulimana lero ndi kupha ng'ombe ya mawa. Wambiri unkasungidwa m'chipanda kuti ukhale chambiko, chimene Angoni amati amasi. Mwini khola naye ankaima pachipata, maso ali pa ng'ombe iliyonse: yotsimphina, yosabzikula, ya ubweya woimirira. Sankasowa kuwerenga ndi manambala, pakuti iliyonse ankaidziwa ndi dzina ndi mtundu wa chikopa chake. Ine amene ndinaphunzira unamwino ndimaona kuti uku kunali kuyendera odwala kwenikweni, monga timachitira m'mawa uliwonse m'chipatala.

Chisangalalo chinalipo, ndipo sichabodza. Mnyamata wopanda nsapato ankaponda pamene ng'ombe yangodzuka kumene, kapena kulowetsa mapazi m'ndowe zatsopano, kuti amve kufunda. Ankatsamira nthiti za ng'ombe yofatsa podikira kuti dzuwa lituluke kuseri kwa phiri ndi kuti mame aume. Komabe tisakometse mopitirira. Anyamata ambiri analibe chofunda, aakulu ankawatuma ndi kuwamenya, ndipo ng'ombe ikadya m'munda mwa eni, chikwapu chinkawayembekeza. Atsikana nawo anali atadzuka kalekale kusinja ndi kutunga madzi, ngakhale kuti mwambo unkawaletsa kulowa m'khola.

Dongosolo limeneli linagwedezeka koopsa m'zaka za m'ma 1890. Mliri wa rinderpest unalowa mu Africa cha m'ma 1887 kudzera pa doko la Massawa ku Eritrea, ndi ng'ombe zimene asilikali a ku Italy anabwera nazo. Pofika 1892 unali utafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi, kwa Ankhonde a ku Karonga, ndipo m'madera ambiri unkapha ng'ombe 9 mwa 10 zilizonse. Unapitirira kummwera mpaka kufika ku Cape mu 1897, ndipo dziko lapansi linadzalengeza kuti nthendayi yatheratu mu 2011. Pamwamba pa mliri panabwera nkhondo. Mu 1896 asilikali a Britain anapha Inkosi Gomani woyamba, ndipo mu 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni kufupi ndi kumene lero ndi ku Chipata, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Taganizani mudzi womangidwa mozungulira khola, kukucha anthu alibe choti atsekulire.

Makola anadzazanso pang'onopang'ono, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ife a kunja. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka zomwezo unatumiza amuna ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena ankapita paokha, ena kudzera mwa Wenela, mpaka Dr Banda anaimitsa kulemba anthuko mu 1974, ndege yonyamula a ku migodi itagwa ku Francistown. Matchona ena sanabwerere, koma obwerera ambiri ankasandutsa ndalama zawo ng'ombe, goli ndi ngolo. M'mawa wa pa khola unasanduka wa agogo ndi adzukulu, bambo ali kutali. Ng'ombe nazo zinapeza ntchito yatsopano yokoka ngolo, ndipo ulendo wa ku msika kapena ku chipatala unkayamba nthanda ili m'mwamba, kuti zisatope ndi dzuwa.

Boma nalo linalowerera ndi dibi, pofuna kuthana ndi nkhupakupa zimene zimafalitsa nthenda ya East Coast fever. Kusambitsa ng'ombe kunali lamulo, ndipo kunkachitika m'mamawa kukadali kozizira, zitamwa kale madzi, kuopa kuti yaludzu ingamwe mankhwala, omwe poyamba anali a poizoni wa arsenic. Tsiku la dibi linali ngati msika: fumbi, malikhweru, nkhunzi za midzi yosiyana zikuyesana nyanga, mlangizi wa ziweto ali ndi buku lake. Wolemba mbiri yekha ndiye angaone msonkho ndi chikakamizo pamenepo; anyamata ankaonapo chikondwerero.

M'zaka za m'ma 1990 zinthu zitatu zinagwa pamodzi. Boma linasiya kugulira alimi mankhwala a m'dibi, ndipo madibi ambiri anauma n'kumera udzu. Umbava wa ziweto unakula, mwakuti ena anagulitsa ng'ombe zawo mwamantha, ena nasendeza khola kufupi ndi zenera la chipinda chogona. Ndipo mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa nachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mwa atatuwa, chomalizachi sindichidandaula. Mwana amene kale ankadikira kuti mame aume tsopano ankathamangira belu la sukulu, ndipo khola linataya antchito ake aulere.

M'mawa umene ukukula masiku ano ndi wa ng'ombe za mkaka. Ulimi umenewu unayamba pakati pa alimi ang'onoang'ono cha m'ma 1970 m'madera ozungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo wafikanso ku Dedza komwe. Ng'ombe yake ndi yosakaniza ndi mtundu wa Friesian, imodzi kapena ziwiri pa khomo, ndipo sipita ku busa. Imakhala m'khola lofolera, namadya nsenjere zomweta ndi madeya, ndipo ikasamalidwa bwino imapereka malita 10 kapena kuposa pa tsiku. Wokama nthawi zambiri ndi mayi, yemwe agogo ake aakazi sankaloledwa n'komwe kuponda m'khola. Amadzuka tambala asanalire kachiwiri, kutsuka mabere ndi madzi ofunda, kusefa mkaka ndi kuuthira m'chigubu, kuti njinga ikaufikitse ku malo a gulu la alimi kumene kuli thanki yoziziritsa. Kumeneko amauyesa ngati sunasase ndiponso ngati sunathiridwe madzi, ndipo wosasa amaubweza. N'chifukwa chake alimi amenewa amaopa Okutobala kuposa Juni: m'chisanu mkaka umapirira ulendo wa pa njinga, pamene m'chilimwe kungochedwa pang'ono ndiye kuti ndalama ya tsikulo yapita.