Njanji ya pa Lirangwe ndi Mawaya a Keyala

Ife a kwa Chigaru tinakula tikuidziŵa njanji yodutsa pa Lirangwe, koma sindikumbuka munthu ndi mmodzi yemwe atafunsapo chifukwa chimene zitsulo zake ziŵiri zinatalikirana mafiti 3 ndi mainchesi 6. Yankho lake lili kutali. M'chaka cha 1873 boma la ku Cape linaona kuti njanji yotambalala ya ku Mangalande, ya mafiti 4 ndi mainchesi 8 ndi theka, idzadya ndalama zambiri poikhotetsa m'mapiri, nilisankha yopapatiza. Muyeso umenewo unafika m'Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 unapitirira mpaka ku Salima. Amene anausankha anagona kalekale, koma wogula injini kapena bogi lero amamverabe iwowo.

Ndayamba ndi njanji chifukwa mbiri ya purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse m'kompyuta, ndiiona kuti ndi ya mtundu womwewo.

Purosesa payokha siisunga zambiri. Manambala amakhala m'memori, imene tingaiyerekeze ndi mabokosi a pa positi ofesi, lililonse ndi nambala yake, lililonse losunga baiti imodzi, ndiye kuti mabiti 8. Pakati pa purosesa ndi memori pali mawaya oyalidwa mondondozana, amene akatswiri amawatcha bus. Waya mmodzi amadziŵa mawu aŵiri okha: muli magetsi kapena mulibe, 1 kapena 0. Ena mwa mawayawo ndi a keyala, otchula bokosi lofunidwa. Ena ndi a katundu, onyamula za m'bokosimo. Waya mmodzi wa keyala atha kutchula mabokosi 2, aŵiri atchula 4, atatu 8, kumangoŵirikiza choncho mpaka mawaya 16 atchula mabokosi 65,536. Purosesa ya Intel 8080 ya mu 1974 inali ndi mawaya 16 amenewo, ndipo ngakhale mwini wake akanagula memori yodzaza ngolo, bokosi lopitirira pamenepo linalibe dzina loliitanira.

Palinso wotchi. Si youza nthaŵi ai, koma kamwala ka quartz konjenjemera pa liŵiro losasintha. Monga amayi aŵiri osinja mu mtondo umodzi sagundanitsa minsi chifukwa cha nyimbo, momwemonso purosesa ndi memori zimalandizana mawaya pa kugunda kwa wotchi.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Mu 1978 Intel inatulutsa 8086, ya mawaya 16 a katundu ndi 20 a keyala, okwana kutchula mabokosi 1,048,576. Chaka chotsatira inatulutsa mng'ono wake, 8088, wofanana naye m'kati, koma kunja wa mawaya 8 okha a katundu. Kwa onse aŵiri ulendo umodzi wopita ku memori unkatha wotchi itagunda kanayi: purosesa iike keyala pa mawaya, memori ipatsidwe mpata wofunafuna, katundu afike. Choncho nambala ya mabiti 16, imene mkulu ankaibweretsa pa ulendo umodzi, mng'ono ankaipitira kaŵiri. Koma pamene IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC mu Ogasiti 1981, inasankha mng'onoyo, makamaka chifukwa zipangizo zoyenda ndi mawaya 8 zinalipo kale pa msika, zotsika mtengo. Wotchi yake inkagunda ka 4.77 miliyoni pa sekondi, nambala yooneka ngati yosankhidwa ndi munthu woledzera, pamene inachokera ku kamwala ka 14.318 miliyoni kogwirizana ndi wailesi za kanema za ku America: anangogaŵa patatu kuti kamwala kamodzi kagwire ntchito ziŵiri. Anthu a ku Cape aja akanawamvetsa bwino anzawoŵa.

Pa makilobaiti 1,024 amene mawaya 20 ankafikira, IBM inapatula 384 a kumapeto kuti akhale a zoonetsa pa galasi ndi malangizo odzutsira makina, nisiyira mapulogalamu 640. Mu 1981 umenewo unali munda waukulu woti sungaulime wonse. Zaka khumi zisanathe unasanduka kadimba, ndipo olemba mapulogalamu anavutika ndi mpanda umenewo mpaka m'zaka za m'ma 1990.

Chimene chimandiseketsa koposa ndi cha waya wa 21. Pa 8086, keyala ikapitirira bokosi lomaliza inkabwerera ku loyamba, monga zimachitira nambala za makilomita m'galimoto yakale zikadzaza. Alembi ena ochenjera anayamba kudalira kubwerera kumeneko. Mu 1984 IBM inatulutsa kompyuta ya AT, yokhala ndi purosesa ya 80286 ya mawaya 24 a keyala, imene sinkabwerera, ndipo mapulogalamu aja akanasokonekera. M'malo mouza eni ake kuti akonze, IBM inaika kachipata pa waya wa 21, wotchedwa A20, kuti makina atsopano athe kudzipundula okha, ndipo kiyi ya kachipatako anaipatsa kachipangizo koyang'anira kiyibodi, poti nkamene kanali ndi mwendo wongokhala. Kachipata kameneko kanakhala m'makompyuta zaka zoposa 20.

Anzanga a mbiri yakale adzati fanizo langa likutsimphina, ndipo pena akunena zoona. Njanji siingatambalale osaizula, pamene purosesa inatambalala: 80386 ya mu 1985 inafika mawaya 32, okwana magigabaiti 4, ndipo mu 2003 AMD inabweretsa ya mabiti 64. Koma inatambalala itabereka zakale kumsana, ndipo amene amachedwa kusiya zakalezo ndi ife. Makompyuta ambiri ofika m'masukulu mwathu ndi a kaunjika, otayidwa ndi maofesi a kunja. Windows 11 ya mu 2021 siiloŵa m'makina a mabiti 32, ndipo Windows 10, yomaliza kuwalandira, Microsoft inaleka kuisamalira pa 14 Okotobala 2025. Mphunzitsi wa ku Mdeka akapatsidwa makina otero lero, wotchi yake igundabe bwinobwino, mawaya ake onse ali amoyo, koma mapulogalamu ambiri atsopano adzakana kuloŵamo.