Ung'anga wa Mano Unayambira Kuti?

Munthu akamwalira mnofu umatha msanga, mafupa nawonso amafumbutuka pakapita zaka, koma mano amatsala. Chikuto choyera cha dzino ndicho chinthu cholimba koposa m'thupi lonse la munthu, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ofukula zakale akatola dzino limodzi m'dothi amasangalala ngati mlenje amene wapha njati. Dzino limaulula msinkhu wa mwini wake, chakudya chimene ankadya, matenda amene anamusautsa, ngakhalenso dzanja la munthu wina amene anayesa kumuchiza. Mabuku ambiri ofotokoza mbiri ya ung'anga wa mano amayambira ku Egypt, nadzera ku Greece ndi ku Rome, n'kukathera ku France ndi ku America, ngati kuti kuno kwathu anthu ankatafuna ndi nkhama zokha. Nkhani ino iyambira pakhomo, kenaka ipita kunjako, ndipo pobwerako tidzifunsa ngati muyeso umene timayezera nzeru za makolo athu uli wolungama.

Ululu unayamba kale

Ife okhala ku Katawa kuno sitifunika kuwoloka nyanja zamchere kuti tikaone kumene dzino lakale linatoledwa. M'chaka cha 1991, pa Uraha pafupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, gulu la ofukula zakale lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada yam'munsi, mano ena ali momwemo, ya munthu wa makedzana amene anakhalako zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Nsagwadayo imawerengedwa pakati pa zotsalira zakale kwambiri za mtundu umene anthufe tinachokerako, ndipo akatswiri anauzindikira mtunduwo poyang'ana kukula ndi kaumbidwe ka mano omwewo.

Umboni wa dzino lodwala uli kwa anansi athu a ku Zambia. Pa 17 June 1921, anthu ogwira ntchito mumgodi wa mtovu ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, anafukula chibade cha munthu. Kafukufuku wa m'chaka cha 2020 anaonetsa kuti chibadecho chakhala zaka pafupifupi 300,000. Mano 10 am'mwamba ndi obooka, ndipo fupa la nsagwada likuonetsa malo amene munali mafinya. Aliyense amene anagonapo usiku wonse atagwira tsaya angamvetse zimene munthu uyu anaziona, m'nyengo imene kunalibe chipatala, kunalibe m'bulu wopha ululu. Chibadechi chinatengedwa kupita ku London, ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere kwawo.

Manja oyamba kugwira dzino la mnzake

Kudwala n'kwina, kuchiza n'kwinanso. Umodzi mwa maumboni akale kwambiri oti munthu anayesa kuchiza dzino unapezeka ku Villabruna, kumpoto kwa Italy. Dzino lakumbuyo la mnyamata amene anafa zaka pafupifupi 14,000 zapitazo lili ndi mikwasa m'kati mwa bowo lake, yosonyeza kuti wina analipala ndi kamwala kakuthwa pofuna kuchotsa powola.

Luso lenileni likuoneka ku Mehrgarh, m'dziko la Pakistan. M'chaka cha 2006 akatswiri analengeza kuti m'manda a alimi amene anakhalako zaka 7,000 zapitazo kapena kuposerapo, anapeza mano 11 a anthu 9 ali ndi mabowo osalala oboola dala. Onse anali mano akumbuyo otafunira, osaoneka munthu akaseka, choncho sitinganene kuti ankawaboola pofuna kukongola. M'mbali mwa mabowowo ndi mofwifwa, kusonyeza kuti eni ake anapitiriza kutafuna atawaboola. Chida chake chinali kansonga ka mwala komanga pa kamtengo, kopota ndi chingwe cha kauta, chida chomwecho chimene amisiri a kumeneko ankaboolera mikanda. Ofufuza atayesa kupanga chida chotere, anaboola dzino mphindi imodzi isanathe. Ku Slovenia nako kunapezeka dzino long'aluka la zaka 6,500 lomata ndi phula la njuchi.

N'chifukwa chiyani alimi ndiwo anafunikira kwambiri luso limeneli? Anthu atasiya kudalira ulenje n'kuyamba kulima, chakudya chawo chinasanduka phala ndi mikate, zimene zimakanirira m'mano. Kuwonjezera apo, ufa wopera pamphero umatenga timiyala tosaoneka ndi maso. Anthu a ku Egypt anavutika nazo kwambiri: mchenga wa m'chipululu ndi wa pamphero unkalowa mumkate, n'kumapera mano pang'onopang'ono mpaka mtsempha kuonekera. Mitembo yambiri youmika, ya olemera ndi osauka omwe, ili ndi mano operepeseka ndi nsagwada zodyeka ndi mafinya. Amene anadyapo nsima ya mawere opera pamwala adziwa kulumalumako.

Nyongolotsi ya m'dzino

Munthu akaona bowo m'chinthu amafunsa chimene chaboola. Chimanga chikabooka timati ndi anankafumbwe, mtengo ukabooka timati ndi chiswe kapena mbozi. N'zosadabwitsa tsono kuti anthu a ku Mesopotamia, kumene lero kuli Iraq, anati dzino limaboola ndi nyongolotsi. Pa mapale a dongo analembapo nthano imene sing'anga ankailakatula asanagwire dzino. Nthanoyo imati nyongolotsi inabadwa m'dambo, n'kupita kukalira kwa milungu kuti iipatse chakudya. Milungu itaipatsa zipatso inakana, n'kupempha malo pakati pa mano ndi nkhama kuti izimwa magazi. Sing'anga akafika pamenepa ankaitemberera, kenaka n'kuyamba ntchito yake.

Chikhulupiriro chimenechi chinali ponseponse, ku India, ku China ndi ku Ulaya, ndipo chinakhala zaka zikwizikwi. Dokotala wina wa ku Rome, Scribonius Largus, analangiza kufukiza m'kamwa ndi utsi wa njere za chitsamba china choledzeretsa. Utsiwo unkaziziritsadi ululu kwa kanthawi, ndipo njerezo zikaphulika pamoto zinkatulutsa timizu toyera tooneka ngati tinyongolotsi, wodwala n'kukhulupirira kuti mdani wake watuluka. Mpaka m'chaka cha 1728 ndi pamene Pierre Fauchard wa ku France analemba buku lokana za nyongolotsizi, n'kuloza chala shuga. M'chaka cha 1890 Willoughby Miller anafotokoza mmene zimachitikira: tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zotsalira za chakudya, n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikuto cha dzino. Tikamva agogo akunena kuti m'dzino mwalowa kachilombo tisafulumire kuseka, pakuti madokotala a ku Ulaya ankanena zomwezo mpaka dzana lomweli, ndipo onsewo anaphonya kukula kwa kachilomboko osati kukhalapo kwake.

Ku Mesopotamia komweko dzino linalowa m'malamulo. Malamulo a mfumu Hammurabi, olembedwa cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, ankati wogulula dzino la mnzake wofanana naye udindo, nayenso amugulule lake, koma likakhala la munthu wamba ankangolipira siliva. Ngakhale dzino linkadziwa kuti pali mbiya zodyera ndi mapale.

Egypt ndi anzake

Ulemu wa anthu a ku Egypt suli poyamba kugwira dzino ayi, koma polemba. Munthu woyamba amene dzina lake limatchulidwa pa ntchito imeneyi ndi Hesy-Ra, nduna ya m'nthawi ya mfumu Djoser, cha m'ma 2650 Khristu asanabadwe. M'manda ake ku Saqqara munapezeka matabwa osema olembapo maudindo ake, ndipo umodzi mwa iwo akatswiri ambiri amaumasulira kuti mkulu wa asing'anga a mano. Mpukutu wa gumbwa wotchedwa Ebers, wa cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, uli ndi mankhwala olimbitsa dzino logwedera ndi ochiza nkhama zotupa, ena osakaniza ndi uchi. Mpukutu wina, wa Edwin Smith, umafotokoza kabwezeredwe ka nsagwada yoguluka: zala zazikulu m'kamwa, zinazo pansi pa chibwano, njira imene siinasinthe kwenikweni mpaka lero. Herodotus wa ku Greece atayendera dzikolo analemba kuti kumeneko sing'anga aliyense anali ndi nthenda yake, wina maso, wina mutu, wina mano.

Anthu a ku Greece analemba zambiri za kuzula mano ndi kumanga nsagwada zothyoka ndi waya, komatu nawonso ankaphonya. Aristotle, amene timamulemekeza m'makalasi athu, analemba kuti amuna ali ndi mano ambiri kuposa akazi. Akadangopempha mkazi wake kuti ayasamule!

Muyeso uwiri

Apa ndi pamene nkhani ikutikhudza. M'chaka cha 1855 David Livingstone anadutsa m'dziko la Atonga a kumwera kwa Zambia, amene iye ankawatcha Batoka, ndipo m'buku lake la 1857 anafotokoza kuti anyamata ndi atsikana akatha msinkhu ankawagulula mano akutsogolo am'mwamba. Eni ake anamuuza kuti amafuna kufanana ndi ng'ombe, ndipo wosunga manowo ankamuyesa mbidzi. Atayenda m'mbali mwa nyanja yathu m'chaka cha 1861, anaonanso anthu osema mano kukhala osongoka, nawayerekeza ndi mano a mphaka. Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania ankasemanso mano awo. Kwa alendo a nthawi imeneyo zonsezi zinali umboni wa umbuli.

Tsono tiyang'ane ku Italy. Anthu a ku Etruria, zaka zoposa 600 Khristu asanabadwe, ankapanga timalamba ta golide togwira dzino loikirira pamalo pa lochoka, ndipo mabuku amawatama kuti ndiwo anayambitsa mano oikirira. Koma ofufuza amene anapenda timalambati, monga Marshall Becker ndi Jean Turfa, anaona kuti ovala anali akazi a m'mabanja olemera, ndipo akuganiza kuti mano akutsogolowo ankawachotsa dala ali abwinobwino kuti golideyo aonekere. Amaya a ku Mexico ndi Guatemala nawo ankasema mano, n'kuwaboola kutsogolo ndi kumatamo timiyala tobiriwira ta mtengo wapatali, ndi zomatira zolimba kotero kuti tina tikadali m'malo mwake mpaka lero. Nanga kusiyana kuli pati? Mtsikana wa ku Etruria ndi mtsikana wa Chitonga onse anataya mano amoyo pofuna kukongola ndi kuonetsa mtundu wawo. Wina analowa m'buku la mbiri ya udokotala, wina m'buku la miyambo yachilendo. Golide ndi kulemba ndizo zinawasiyanitsa, osati nzeru.

Sindikunena kuti tiyambirenso kusema mano. Kusema kumachotsa chikuto chimene sichimeranso, ndipo kugulula dzino ndi chida chosaphitsa kungathe kubweretsa matenda oopsa. Chimene ndikunena n'chakuti munthu amene ankasema mano a achinyamata a mudzi wonse, chaka ndi chaka, ankadziwa pothera kuti asafike pamtsempha. Ameneyo anali mmisiri wa mano, ngakhale dzina lake silinalembedwe pathabwa monga la Hesy-Ra. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ngakhale mswachi uli ndi mbiri yake. Liwuli ndi lachibale ndi la Chiswahili lakuti mswaki, limene linachokera ku Chiarabu, miswak, kutanthauza kamtengo kotafuna kunsonga mpaka kuchita nyenyeswa zotsukira. Timitengo totere tinkagwiritsidwa ntchito ku Mesopotamia ndi ku Egypt, ndipo ku Mozambique mpaka lero amatsukira muzu wa mulala. Burashi ya m'sitolo inangolanda dzina la kamtengo kamene inakapeza.

Pamene tili lero

Zimene zinasintha ung'anga wa mano kukhala monga tikuudziwa ndi za posachedwa. Mankhwala ogonetsa anayamba kuyesedwa ndi madokotala a mano a ku America, Horace Wells m'chaka cha 1844 ndi William Morton m'chaka cha 1846. Kuno kwathu, kwa zaka zambiri chilandirire ufulu, wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo ntchito yaikulu m'zipatala za maboma inkagwiridwa, monganso lero, ndi othandizira ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizidwa ndi University of Glasgow, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa m'chaka cha 2022.

Mdani naye sanagone. Shuga amene Fauchard anamuloza chala timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo pa okala iliyonse ya ku Katawa masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zili pamene mwana angafikire ndi dzanja. Ambirife timapita kuchipatala tsaya litatupa kale, pamene chotsala n'kuzula basi. Alimi a ku Mehrgarh, ndi kamwala kawo, ankayesa kusunga dzino. Ife amene tili ndi magetsi ndi jakisoni tikulitaya.

Kwa anzanga ophunzira mbiri ndi zinenero, ntchito ilipo. M'midzi mwathu mukadali nkhalamba zimene zinaona osema mano ndi maso awo, zodziwa dzina la chida, msinkhu wosemera, muzu wotsukira ndi khungwa lovumata dzino likamapweteka. Tchuthi chikubwerachi titenge kope ndi pensulo tikawafunse, tilembe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Kyangonde, ndipo mizuyo tikaipereke kwa anzathu a sayansi aiyese. Hesy-Ra tikumudziwa lero chifukwa wina anatenga sompho n'kulemba pathabwa.