Kunjenjemera kwa injini galimoto itaima: kayezedwe ndi tanthauzo lake

Injini ikamalira galimoto itaima, dalaivala asanaponde mafuta, amakaniko amati ili pa ralenti, mawu ochokera ku Chipwitikizi. Nthawi imeneyi ndi imene matenda ambiri a injini amaonekera msanga. M'boma la Marávia, kumene magalimoto onyamula chimanga ndi mtedza amayenda m'misewu yafumbi kupita ku Fingoé kapena kumalire ndi Zambia, kuzindikira vuto ulendo usanayambe kumapulumutsa katundu kuti asagone patchire.

Liwiro loyenera

Liwiro la injini limawerengedwa poona maulendo amene imazungulira pa mphindi imodzi, mwachidule rpm. Pa wochi ya rpm, nambala 1 imaimira 1,000. Galimoto zazing'ono zambiri, za petulo ngakhale za dizilo, zikatentha zimakhala pakati pa 600 ndi 1,000. Njinga zamoto zazing'ono zimakhala cha m'ma 1,400. M'mawa injini ikazizira liwiro limakwera pang'ono, choncho kuyeza kumachitika itatentha, giya ili pa nyutulo ndipo handibuleki itakokedwa. Muvi wa injini yabwino umakhazikika. Ukamakwera ndi kutsika wokha, pali vuto.

Chimene chimabweretsa kunjenjemera

Injini ya masilinda anayi imaotcha mafuta kawiri pa kuzungulira kulikonse. Pa 750 rpm ndiye kuti imaphulitsa ka 25 pa sekondi, ndipo munthu amangomva kunjenjemera kosalala. Silinda imodzi ikaleka kugwira ntchito, kuphulika kumodzi mwa kunayi kumasowa, pafupifupi ka 6 pa sekondi. Apa galimoto imagwedezeka ngati ikutsimphina, ndipo ekizozi imalira modukizadukiza.

Njira zoyezera

Njira yapafupi ndi kapu ya madzi yoikidwa pamalo osapendekeka m'galimoto. Timafunde tating'ono tofanana si vuto, koma madzi akamakhavuka nthawi ndi nthawi, injini ikudumphitsa. Mafoni ambiri amakono ali ndi kachipangizo kozindikira kugwedezeka, ndipo foni itagonekedwa pamalo amodzimodzi ingathandize kufanizira lero ndi mwezi watha. Pagalimoto zamakono, makaniko amalumikiza makina owerengera pa soketi ya OBD-II. Nambala P0301 imasonyeza kuti silinda yoyamba ikudumphitsa, P0302 yachiwiri.

Zoyambitsa zofala

Fumbi limatseka sefa ya mpweya. Mafuta ogulidwa m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, zomwe zimatseka sefa ya mafuta ndi kuononga mainjekita. Pa injini ya petulo, mapulagi otha ndiwo amayamba kuonedwa. Ngati muvi wa rpm wakhazikika koma chiwongolero ndi mipando zikunjenjemera kwambiri, kawirikawiri mphira zimene injini imakhalapo zang'ambika, zomwe misewu ya mabampu imafulumizitsa.

Chenjezo

Mapaipi a mainjekita a dizilo asamasulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi, chifukwa mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Injini isalizidwe m'nyumba yotseka, popeza utsi wake umapha.

Mlimi wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito akagulitsa zokolola ayenera kuimvetsera ikulira yozizira, kenako itatentha, asanapereke ndalama. Injini yotenthetsedwa kale wogula asanafike imatha kubisa vuto.