Odishoni ya mpikisano woimba wa pa kanema

Odishoni ya mpikisano woimba wa pa kanema ndi gawo loyamba la mpikisano, pomwe munthu yemwe sanatchuke amaimba kwa kanthawi kochepa pamaso pa oweruza kuti aone ngati angapitirire kapena abwerere kwawo. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, ndipo achinyamata ambiri ku Malawi amangoti maodishoni. Ambiri olowa nawo sadyera kuimba. Amakhala ana asukulu, a m'makwaya a kutchalitchi, ochita malonda ndi ena amene amaimba pa maukwati. Unyinji wa opikisana umathera pa gawo lomweli, choncho malo a odishoni, kachitidwe kake ndi ndalama zokafikira kumeneko ndi zimene zimasankhiratu anthu amene dziko lidzawaone pa kanema.

Chiyambi chake

Mipikisano yofufuza luso inalipo kale pa wailesi ndi m'maholo, koma kuonetsa odishoni ngati pulogalamu payokha kunafala kwambiri ndi Pop Idol, yomwe Simon Fuller anayambitsa ku Britain mu 2001. Mu 2002 kunabwera American Idol, yomwe Kelly Clarkson anapambana, komanso Idols ya ku South Africa pa M-Net, yomwe inatha mu 2023 itachitika maulendo 19. Mu 2008 M-Net inakonza Idols ya maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo anapambana ndi Eric Moyo wa ku Zimbabwe. Mu 2010 John de Mol anayambitsa The Voice ku Netherlands. Mu mpikisano umenewu oweruza amakhala atafulatira woimba, ndipo amatembenuza mpando pokhapokha mawu akawagwira mtima.

Dziko la Malawi linachedwa kukhala ndi kanema wakewake, chifukwa Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Mwa mipikisano yomwe inadziwika pambuyo pake muli E-Wallet, yomwe inkakonzedwa ndi Nde'feyo Entertainment, ndi Sunbird Search for a Star, yomwe inatenga dzina la kampani ya mahotela ya Sunbird. Lily Banda, yemwe nthawi ina ankadziwika kuti Alex, anaonekera koyamba kwa anthu ambiri kudzera mu E-Wallet, ndipo mu 2019 anasewera nawo mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind.

Momwe odishoni imayendera

Okonza amalengeza tsiku, malo ndi zaka za anthu ololedwa. Wofuna kulowa amalembetsa, amaonetsa chiphaso chotsimikiza zaka zake, kenako amapatsidwa nambala yomata pachifuwa. Amasainanso chikalata cholola kuti nkhope ndi mawu ake zionetsedwe pa kanema. Ambiri amasaina chikalatachi ali pamzere osachiwerenga, chonsecho n'chimene chimapatsa okonza ufulu woonetsa ngakhale pomwe munthu walakwitsa.

M'mipikisano ikuluikulu monga Idols, oweruza otchuka amene amaoneka pa kanema si amene amayamba kumva woimba. Poyamba munthu amaimbira ogwira ntchito yokonza pulogalamu, nthawi zina kwa masekondi ochepa chabe, ndipo iwowa ndi amene amasankha opita kwa oweruza. Amasankha oimba bwino, komanso ena oimba moseketsa, popeza owonera amakonda zonse ziwiri. Idols ya ku South Africa inali ndi mphoto yotchedwa Wooden Mic, yopita kwa amene anaimba moipa kuposa onse. Ena amaiona ngati nthabwala wamba, koma kwa munthu amene abwerera kumudzi komwe aliyense amamudziwa, nthabwala yotere imakhala nthawi yaitali.

Nthawi zambiri pa odishoni yoyamba munthu amaimba popanda zida, kapena ndi gitala yake yokha. Apa m'pamene ambiri amagwa. Popanda kiyibodi yomupatsa poyambira, woimba wamantha amayamba nyimbo pamwamba kwambiri, ndipo ikafika pokwera mawu amakana. Wina amathamangitsa nyimbo, wina amaiwala mawu, wina amathera mpweya pakati pa mzere. Oweruza amamvetsera ngati munthu akukhazikika pa kiyi imodzi, ngati akusunga kugunda kwa nyimbo, ngati mawu akumveka, komanso ngati ali ndi kamvekedwe kakekake. Kutsanzira woimba wotchuka mpaka kapumidwe kake kumasangalatsa anzake a pamzere, koma kawirikawiri sikupititsa munthu patali.

Kusankha nyimbo ndi nkhani ina yaikulu. Achinyamata ambiri amaganiza kuti nyimbo ya Chingerezi ndiyo imaonetsa kuti munthu ndi katswiri, ndiye amatenga nyimbo zovuta za oimba ngati Whitney Houston kapena Adele. Nyimbo zoterezi zimaulula chofooka chilichonse, ndipo woweruza amakhala atazimva kambirimbiri tsiku lomwelo. Woimba amene watenga nyimbo ya m'chinenero chake, yomwe amadziwa tanthauzo la liwu lililonse, sakhala ndi ntchito yolimbana ndi katchulidwe, ndipo maganizo ake onse amapita pa kuimba.

Woimba wa kumudzi: chitsanzo cha Lobi

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Malawi ali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi. Koma maodishoni okumana maso ndi maso amachitikira kwambiri m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Tanthauzo la zimenezi limaoneka bwino tikatenga dera limodzi.

Lobi ndi malo a malonda kumadzulo kwa boma la Dedza, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndi dera lokwera komanso lozizira, lodziwika ndi ulimi wa mbatata ya kachewere, nyemba, chimanga ndi ndiwo zamasamba. Munthu wochoka ku Lobi amayenera kukafika kaye pamsewu wa M1, ambiri potulukira pa Linthipe, kenako n'kukwera minibasi yopita ku Lilongwe. Popeza mzere wa odishoni umayamba m'mamawa, wochokera kutali amafunika kunyamuka dzulo lake ndi kupeza pogona, kaya kwa wachibale kaya malo olipira. Ndalama ya ulendo, chakudya ndi chovala chooneka bwino imachoka m'thumba lake, ndipo akapambana gawo loyamba amayenera kubweranso. Wa mumzinda amataya tsiku limodzi ndi ndalama ya minibasi. Wa ku Lobi amataya masiku a kumunda kapena a kusukulu, ndipo nthawi zina ndalamayo imachokera pa thumba la mbatata lomwe banja lagulitsa. Kwa atsikana pamakhalanso nkhani yopempha chilolezo kwa makolo kuti akagone kutali, chomwe sichiperekedwa mwachisawawa.

Vuto lina ndi la kaimbidwe. M'madera a Achewa ngati Lobi anthu amaimba kwambiri: m'makwaya a mipingo monga CCAP ya Sinodi ya Nkhoma ndi Katolika, m'magulu a amayi a chigwirizano, pa chimtali, pa chisamba ndi pabwalo la gule wamkulu. Kuimba konseku n'kwa pagulu. Mmodzi amatsogolera, ena amavomera, ndipo ng'oma kapena m'manja zimasunga kugunda. Munthu woleredwa m'kaimbidwe kotere amakhala ndi khutu labwino, amatha kupeza liwu lachiwiri kapena lachitatu popanda womuuza, ndipo mawu ake amafika patali popanda maikolofoni. Koma odishoni imamuimika yekha m'chipinda chachete, popanda womuvomera. Mipata yomwe gulu likanadzaza imakhala yopanda kanthu, ndipo ambiri amasokonekera pomwepo. Mphamvu yomwe imathandiza pabwalo imathanso kuononga pa maikolofoni, pomwe woimba amafunika kudziwa kutsitsa mawu ndi kutalikitsa chidacho akafika pokweza. Oweruza amene sazindikira kusiyana kumeneku amatha kutaya woimba wabwino pa chinthu chomwe akanachiphunzira m'masabata ochepa.

Pali ngakhale vuto lakuti uthenga wa odishoni umafika mochedwa. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. M'malo a malonda a kumudzi anthu ambiri amaonera kanema m'mavidiyo sho, momwe mpira ndi mafilimu ndi zimene zimalamulira. Wailesi ndi foni ndiye njira zodalirika zomvera za mpikisano.

Odishoni ya pafoni ndi ya pavidiyo

Njira yomwe inayesa kuchotsa vuto la mtunda inabwera ndi Airtel Trace Music Star, mpikisano womwe kampani ya Airtel ndi kanema wa Trace anayambitsa mu 2014 m'maiko 13 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Wofuna kulowa ankaimba foni pa nambala yaifupi n'kuimba nyimbo yake pafoni pomwepo, ndipo mawu ake ankajambulidwa. Foni iliyonse inkakwanira, ngakhale yamabatani. Kwa munthu wa ku Lobi izi zinatanthauza kuti gawo loyamba likanatheka ali pakhomo, bola netiweki ndi mayunitsi. Ku Malawi ulendo woyamba anapambana ndi Sam Mjura Mkandawire, woimba yemwe ali ndi vuto losaona. Mpikisano wa maiko onse unachitikira ku Kenya mu 2015, ndipo anapambana ndi Mayunga wa ku Tanzania, yemwe mphoto yake inaphatikizapo kugwira ntchito ndi Akon. Ulendo wachiwiri, mu 2016, anapambana ndi Tiwah Hillz wa ku Zambia.

The Voice Africa, yomwe inayamba kuonetsedwa mu 2023 mothandizidwa ndi Airtel Africa, inatenga oimba a m'maiko 14 momwe kampaniyi imagwira ntchito, Malawi ali momwemo. Oweruza ake anali Yemi Alade, Lady Jaydee, Awilo Longomba ndi Locko. Olowa ankatumiza vidiyo yaifupi pa intaneti. Njira imeneyi imachotsa ulendo wa minibasi koma imabweretsa zofunika zina: foni yojambula bwino, bandulo yokwanira kutumiza vidiyo, malo opanda phokoso ndi kuwala kokwanira. Wokhala ndi mnzake wa situdiyo amatumiza mawu oyera, pomwe wojambulira kuseri kwa nyumba amatumiza pamodzi ndi mphepo ndi kulira kwa tambala.

Ngakhale munthu atadutsa odishoni, m'mipikisano yambiri magawo otsatira amadalira mavoti a SMS, ndipo uthenga uliwonse umalipiridwa. Woimba amene ali ndi mpingo waukulu, sukulu kapena abale a ndalama kumbuyo kwake amapeza mavoti ochuluka kuposa mnzake wofanana naye luso. N'chifukwa chake mipikisano ina imagawa mphamvu pakati pa mavoti a anthu ndi chigamulo cha oweruza.