Nkhonya za ku Sun City ndi Zimene Chibakera Chimachita mu Ubongo

Mzinda wa Rustenburg, umene unakhazikitsidwa mu 1851 m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg ndipo lero uli m'chigawo cha North West ku South Africa, umadziwika ndi pulatinamu, chitsulo chodula chimene chimakumbidwa mu mzere wa miyala wotchedwa Merensky Reef, umene akatswiri anautulukira mu 1924. Migodi ndiyo inakuza mzindawu, ndipo inabweretsa madera okhalamo a nyumba zabwino monga Safari Gardens pamodzi ndi makomboni a anthu obwera kudzagwira ntchito kuchokera kutali. Komabe dera lomweli lili ndi mbiri ina imene satchula kawirikawiri, yomwe ndi ya masewera a nkhonya amene ankachitikira ku Sun City, makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa mzindawu, ndipo mbiri imeneyi imaonetsa bwino kuti chimene oonerera amachikuwira ndi chimwemwe munthu akagwa m'bwalo, madokotala amachitcha kuvulala kwa ubongo.

Nkhonya zamalipiro zinakula m'dzikoli pamodzi ndi migodi, poyamba ku Kimberley kenako ku Johannesburg, kumene amuna ambiri okhala kutali ndi mabanja awo ankafuna zosangalatsa ndiponso zobetcherana ndalama. M'kupita kwa nthawi masewerawa anayamba kutsata malamulo a Queensberry, amene anasindikizidwa ku England mu 1867, omwe analamula kuti omenyana azivala magolovesi, kuti raundi iliyonse izitha mphindi 3, ndiponso kuti wogwa pansi aziwerengeredwa mpaka 10, ndipo akalephera kudzuka ndiye kuti wagonja. Kugonja kwa mtundu umenewu ndiko kumatchedwa knockout, kapena KO mwachidule, ndipo Achewa amangoti wamukomola. Magolovesi anachepetsa kuthyoka kwa zala ndi kung'ambika kwa nkhope, koma anapatsanso wankhonya mpata womenya kumutu mobwerezabwereza popanda kuopera manja ake, kotero kuti anateteza dzanja kuposa ubongo.

Sun City inatsegulidwa mu 1979 ndi Sol Kerzner m'dera la Bophuthatswana, limene boma la tsankho linalitcha dziko lodziimira palokha mu 1977 ngakhale kuti mayiko ena onse anakana kulivomereza, ndipo popeza kuti juga inali yololedwa kumeneko pamene mu South Africa inali yoletsedwa, ndalama zokopera akatswiri akunja zinkapezeka. Pa 25 October 1980, Mike Weaver wa ku America anateteza lamba wake wa bungwe la WBA wa ankhonya olemera kwambiri pokomola Gerrie Coetzee mu raundi ya 13. Coetzee anadzatenga lamba yemweyo mu 1983 ku Ohio pogwetsa Michael Dokes, koma pa 1 December 1984 anamutaya ku Sun City komweko pamene Greg Page anamukomola mu raundi ya 8, imene inapitirira mphindi 3 ndi masekondi pafupifupi 50 chifukwa belu silinalire pa nthawi yake. Maulendo onse awiriwa Coetzee anatsitsimuka, ndipo anthu ambiri anaona ngati kukomoka kotero ndi tulo chabe.

Zimene zimachitika m'mutu pa nthawi imeneyo n'zosiyana kwambiri ndi tulo. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4, ndi wofewa ngati phala lolimbirako pang'ono, ndipo umayandama m'madzi amene amaulekanitsa ndi chigaza. Chibakera chikafika pa chibwano kapena pa nsagwada, mutu umatembenuka mwadzidzidzi pa khosi, chigaza chimatsogola pamene ubongo umatsalira m'mbuyo pang'ono, ndipo kusiyana kumeneku kumapotokola ubongo ndi kukoka timitsempha tating'onoting'ono tonyamula mauthenga pakati pa maselo ake. Katswiri wina wa ku Oxford, A. H. S. Holbourn, anafotokoza mu 1943 kuti kutembenuka kotereku n'koopsa kuposa kugunda kolunjika, ndipo n'chifukwa chake chibakera chokhota chofika pambali pa chibwano, makamaka chimene womenyedwayo sanachione kuti aumitse khosi, chimagwetsa munthu kuposa chofika pamphumi. Kusokonezekaku kukafika pa tsinde la ubongo, pamene pali gulu la maselo osunga munthu kuti akhale maso, miyendo imalefuka ndipo munthu amagwa ngati thumba la chimanga, nthawi zina n'kumenyetsanso nkhongo pansi. Ngakhale adzuke pakatha masekondi ochepa, maselo ake amatenga masiku kapena milungu kuti abwerere mwakale, ndipo kumenyedwanso pa nthawi imeneyi kumawononga kuposa poyamba.

Kupatula kukomoka kotereku, kuvulala kwa mtundu wachiwiri kunaonekera ku Sun City komweko pa 2 November 1985, pamene Brian Mitchell anakumana kachinayi ndi Jacob Morake, amene ankatchedwa Dancing Shoes chifukwa cha kuyendetsa mapazi mwaluso, polimbirana lamba wa dziko la South Africa. Morake ndiye munthu yekhayo amene anagonjetsapo Mitchell pa ntchito yake yonse ya nkhonya zamalipiro, zimene zinachitika mu 1982. Nkhonya ya mu 1985 inatha mu raundi ya 12, Morake anathamangira naye kuchipatala, ndipo anamwalira pasanapite nthawi chifukwa cha kuvulala kwa m'mutu. Chimene chimapha ankhonya ambiri motere ndi kuduka kwa timitsempha ta magazi tolumikiza ubongo ndi chikopa cholimba choukuta, zimene zimachititsa kuti magazi aunjikane pakati pa ziwirizi, vuto limene madokotala amalitcha subdural haematoma. Popeza chigaza sichifutukuka, magaziwo amafinya ubongo mpaka kukankhira tsinde lake pansi, ndipo munthu akhoza kuyenda ndi kulankhula bwinobwino kwa kanthawi asanayambe kumva mutu waukulu, kusanza ndi kuodzera, kotero kuti moyo wake umadalira kufulumira kwa opaleshoni yochotsa magaziwo.

Malamulo oteteza ankhonya nthawi zambiri akhala akubwera maliro atachitika kale. Duk Koo Kim wa ku South Korea atamwalira mu November 1982 pambuyo pokomoledwa ndi Ray Mancini mu raundi ya 14 ku Las Vegas, bungwe la WBC linachepetsa maraundi a nkhonya za malamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo mabungwe ena anatsatira zaka za m'ma 1980 zisanathe. Imfa ya Morake, imene inachokera mu nkhonya ya maraundi 12, inaonetsa kuti kuchepetsako sikunachotse ngozi. Mu 2001 nyumba ya malamulo ya South Africa inakhazikitsa lamulo latsopano la nkhonya, limene linabala bungwe la Boxing South Africa loyang'anira ziphaso ndi chitetezo cha osewera, komabe Phindile Mwelase, wankhonya wamkazi, anamwalira mu October 2014 atakomoledwa ku Pretoria, ndipo mu June 2022 Simiso Buthelezi anaoneka ku Durban akuponya zibakera m'malere atafulatira mnzake, woyimbira n'kuimitsa masewera, koma anamwalira patatha masiku ochepa magazi atakha mu ubongo.

Mtundu wachitatu wa kuvulala suonekera m'bwalo, chifukwa umadza pang'onopang'ono zaka zitapita. Mu 1928 dokotala wa ku New Jersey, Harrison Martland, analemba za ankhonya akale oyenda dzandidzandi ndi olankhula mokoka lilime ngati oledzera ngakhale asanalawe mowa, ndipo mu 1973 gulu la J. A. N. Corsellis ku England linapima ubongo wa ankhonya 15 omwalira n'kupeza kuwonongeka kofanana. Matendawa lero amatchedwa chronic traumatic encephalopathy, kapena CTE, kutanthauza kuwonongeka kwa ubongo kobwera ndi kugundidwa kumutu kwa nthawi yaitali, ndipo amadziwika ndi kuunjikana kwa puloteni yotchedwa tau m'maselo. Mu 2005 Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria, anasindikiza umboni wa matenda omwewa mwa wosewera mpira wachimereka, zimene zinasonyeza kuti vutoli si la nkhonya zokha.

Mapeto a Greg Page, amene anakwezedwa dzanja ku Sun City mu 1984, akumanga pamodzi nkhani yonseyi. Pa 9 March 2001, ali ndi zaka 42, anagwa mu raundi ya 10 pomenyana ndi Dale Crowe ku Erlanger m'chigawo cha Kentucky, pa malo pamene panalibe ambulansi yodikirira, ndipo magazi atakha mu ubongo anapuwala mbali ya kumanzere mpaka imfa yake mu April 2009.

Anyamata a ku Malawi akhala akupita ku Joni kukafuna mwayi wa nkhonya, monga anachitira Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene anafika pomenyana ndi Sergey Kovalev mu 2016, ndipo ambiri ali m'njira yomweyo. Phunziro la ku Sun City likukhudza iwowa, likukhudzanso wa mumgodi wogundidwa ndi mwala, wa kabaza wogwa wopanda chipewa ndi womenyedwa ku malo omwera mowa. Munthu aliyense amene wakomoka atagundidwa kumutu wavulala ubongo, ndipo malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino.