Wakuuza ndani?

Mtumiki Muhammad atamwalira mu 632, mawu ake ambiri anatsala m'kamwa mwa anthu. Zinthu zinavuta Uthman, mtsogoleri wachitatu wa Asilamu pambuyo pa Mtumiki, ataphedwa ku Madina mu 656. Anthu anagawikana, ndipo m'kupita kwa zaka magulu anayamba kutulukira ndi mawu owakomera, n'kumati ndi a Mtumiki.

Nkhanizo, zotchedwa hadisi, zinachuluka moti kuyeza iliyonse payokha sikukanatheka. Akatswiri anayamba kuyeza anthu ozinenawo. Ukabwera ndi hadisi ankakufunsa amene wakuuza, ndi amene anauza iyeyo, mpaka kukafika kwa munthu amene anakhaladi pamaso pa Mtumiki. Mndandanda wa mayinawu umatchedwa isnad. Dzina lililonse ankalifukula: anabadwa liti, ankakhala kuti, nanga amene akumutchulayo anaonana nayedi?

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti kupemphera sikunali chiphaso. Mkulu woopa Mulungu, wosaphonya swala, ankatha kukanidwa chifukwa chosokoneza mayina basi. Ena ankawagawa pawiri: zimene ananena mutu ukugwira bwino ankalandira, za muukalamba ayi. Nkhanza? Kapena. Koma bodza la munthu wabwino ndi limene limayenda mtunda wautali.

Katswiri wa ntchitoyi anali al-Bukhari, wobadwira ku Bukhara mu 810. Amati anasefa hadisi pafupifupi 600,000 kwa zaka 16, n'kusunga zoposa 7,000 zokha, zina mwa izo zobwereza.

Komatu abodza nawo sanagone. Anaphunzira kumata nkhani yopeka pa mndandanda wa anthu odalirika. Ndiponso wogamula kuti uyu ngodalirika ndi munthu, ali ndi mbali yake, mwina ndi kansanje komwe. Al-Bukhari mwiniwakeyo zinamuonekera ku Nishapur. Anasemphana ndi shehe wamkulu wa mumzindawo, al-Dhuhli, pa funso loti kodi mawu otuluka pakamwa pa munthu wowerenga Qur'an ndi olengedwa. Al-Dhuhli analetsa ophunzira kupita kwa iye, nalembera kalata akatswiri a ku Rayy, Abu Hatim ndi Abu Zur'a, omwe anasiya kulandira hadisi za al-Bukhari. Bwalo lake linatsala pululu. Mwa ochepa amene sanamuthawe munali Muslim ibn al-Hajjaj, amene akuti anasonkhanitsa zonse zimene analemba kwa al-Dhuhli n'kutuma wonyamula katundu kuti akamubwezere.

Al-Bukhari anabwerera ku Bukhara, koma bwanamkubwa wa kumeneko anamuthamangitsanso. Anamwalira mu 870 m'mudzi wa Khartank, pafupi ndi Samarkand.